Agogo Amene Sankathira Mchere

Mwezi uno patha chaka chiwaikire m'manda agogo anga aNachisale. M'mawa wa tsiku la mapemphero owakumbukira, anti Tiwonge, akazi a amalume anga, ankaphika nyemba zoti alendo adye. Ndinaima pakhomo la khitchini ngati wodikira kutumwa. Sanandiitane. Anatapa mchere ndi dzanja lawo, nathira, n'kuvundikira poto. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndinkadikira mawu a munthu amene kulibe.

Kuyambira ndili mwana, ntchito yanga panyumba inali yothira mchere. Agogo ankaphika chilichonse, nyemba, usipa, mpiru wotendera, koma ndiwo zikatsala pang'ono kupsa ankabisa dzanja kumbuyo n'kuitana kuti, "Iwe Namaso, bwera udzathire." Dzina langa ndi Takondwa. La Namaso anandipatsa okha chifukwa ndinali mwana wosayankhula, wongoyang'ana. Mayi anga anamwalira ndisanadziwe nkhope yawo, bambo sindinawaonepo, ndiye ndinakulira m'manja mwa agogowo. Ndikachedwa kusukulu, ndiwo zinkandidikira pamoto wozilala, apo ayi ankabwereka mwana wa eni ake kuti adzathire.

Mwambo wake ndinkaudziwa monga aliyense wochokera kummwera. Mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wayenda ndi mwamuna wina, sathira mchere m'ndiwo. Akathira, amati wasempha a m'nyumba mwake. Wodwala tsempho amatsokomola, amaonda, miyendo imatupa, mwina amalavula magazi. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti agogo anali nkhalamba, opanda mwamuna, osaphonya kutchalitchi, ndipo miyambo ina yonse ankaiseka. Mphaka wakuda ankamupatsa mitu ya usipa. Kadzidzi akalira pa denga, ankati nayenso akudandaula chisanu. Nanga mchere wokha unawalakwira chiyani?

Anali aafupi, amapewa aakulu, mawu ngati a mwamuna. Anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Thyolo ali mayi wachitsikana, nakhala mu Chibavi mpaka imfa yawo, koma Chitumbuka chimene chinatulukapo pakamwa pawo ndi "yewo" yekha, zikomo wa kuno. Kumva ankamva chonse, makamaka miseche. Anthu akawaitana kuti aNyaChisale, monga amaitanirana akazi kuno, ankangopitiriza ntchito yawo ngati ogontha. Munthu akabwereza, ankamuuza kuti Nya ameneyo sakhala pano, akafunse nyumba ina.

Ankaluka majuzi. Ankakonda kunena kuti Mulungu analenga chisanu cha Mzuzu kuti iwo asafe ndi njala. Makina awo olukira ankakhala pakhonde, pa tebulo lomwe mwendo wake umodzi unali waufupi, wochirikizidwa ndi njerwa. Nkhungu ikayamba kutsika m'mwezi wa Meyi, pakhondepo pankadzaza amayi ofuna majuzi a sukulu, zipewa ndi masokosi a makanda. Tepi yoyezera analibe nayo ntchito. Ankangomugwira mwana mapewa, n'kunena tsiku lodzatenga.

Makanda ndi amene ankawachita zachilendo. Mayi akabwera ndi khanda kumbuyo, agogo ankapempha kulinyamula, n'kuliseweretsa pang'ono, kenako n'kugunditsa lilime pamphumi pake mwachangu, ngati kupsompsona. Ankakhala chete kamphindi ngati wolawa ndiwo, ndiyeno n'kulibweza akumwetulira. Amayi ena sanabwerenso. Inenso anandinyambita pamphumi m'mawa uliwonse mpaka nditayamba kuchita manyazi n'kumazemba. Nditawafunsa chimene ankafuna, anandiyankha kuti akundiwerenga, ndipo ndine kalata yopanda nkhani.

Nkhani inali pa amalume Limbani, mwana wawo wotsiriza. Amalume anabadwa ndi chifuwa. Makhololo awo anali olimba ngati ulimbo, osatuluka okha. Ankadya kuposa tonse koma osanenepa, ndipo akatuluka thukuta, likauma linkasiya mizere yoyera kumaso ndi m'mphepete mwa chipewa. Ankakonza mafoni kumsika, ndipo ndi munthu wanthabwala mpaka lero. M'mawa uliwonse agogo ankawagoneka pa benchi kuseri kwa nyumba, n'kupinda zikhatho ngati wotunga madzi, n'kuyamba kuwaomba pamsana ndi m'nthiti kuti makhololo asunthe. Phokoso lake linkamveka nyumba zingapo. Alendo atsopano ankathamangira kudzaleretsa, poganiza kuti mayi akumenya mwana. Amalume ankawauza ali chigonere kuti asadandaule, iwo ndi ng'oma ya Chibavi, ndipo woimba wake ndi mmodzi yekha.

Chifukwa cha chifuwa chimenecho agogo anakangana ndi aliyense woyatsa moto pafupi. Mkangano waukulu unali ndi aNyaMhango, oyandikana nafe kuseri kwa mpanda wa mabango. Atangosamukira kumene, anayatsa mbaula pafupi ndi zenera la amalume. Agogo anatenga ndowa ya madzi, nakhuthulira pamwamba pa mpanda.

"Amama!" anakuwa aNyaMhango. "Mwandizimitsira moto chifukwa cha vichi?"

"Utsi wanuwo muziutsekera kwanu."

"Utsi uli ndi mpanda, amama?"

"Lero waupeza."

Anatha mwezi osapatsana moni. Ndiye tsiku lina aNyaMhango anamva amalume akutsokomola, nasuzumira, naona benchi ija ndi beseni lolavulira. Mawa lake mbaula inasamukira mbali ina ya nyumba yawo. Kuyambira pamenepo akazi awiriwa anakhala pa ubwenzi wotukwanana tsiku ndi tsiku, wina m'Chichewa, wina m'Chichewa chosakaniza, ndipo aNyaMhango okha ndi amene ankaloledwa kunena kuti aNyaChisale osathamangitsidwa.

Kwa zaka zambiri amalume ankamwa mankhwala a chifuwa chachikulu, ngakhale kachilombo kake sikankapezeka powayeza. Ndili ku pulayimale, dokotala wina wodziwa za mapapo anawafunsa agogo funso limene palibe anawafunsapo. Anati, kodi mwanayu ali khanda, mukamupsompsona, ankamveka mchere? Amalume amati agogo anavomera kuti inde, kuyambira tsiku lobadwa. Zoyeza zinatumizidwa kunja kwa dziko, ndipo patapita nthawi matendawo anapatsidwa dzina, sisitiki faibulosisi. Agogo dzinalo analikana kuti ndi lalitali kuposa wodwala, iwo ankangoti matenda a mchere. Dokotala anawafotokozera kuti munthu amabadwa nawo, kuti amalimbitsa makhololo ndi kutayitsa mchere wa m'thupi kudzera m'thukuta, ndiponso kuti mwana amawatenga pokhapokha bambo ndi mayi onse ali ndi mbewu yake, ngakhale iwo eni asadwale. Mfundo yotsirizayi agogo anaikonda kwambiri. Mlungu wonse ankaluka akung'ung'udza kuti theka ndi la kwawo kwa amuna awo aja.

Panali chinanso chimene dokotala ananena. Anati amalume azidya mchere wambiri, makamaka nyengo yotentha. Agogo anali atatha zaka akupatula ndiwo za amalume ine ndisanathire, n'kumawapatsa zosakolera. Anasintha tsiku lomwelo. Koma wothira anali ine ndithu, kungoti tsopano kawiri.

"Agogo," ndinawafunsa tsiku lina, "adokotala aja si anati matendawa si a mchere wa m'ndiwo? Bwanji simuthira nokha?"

"Adokotala amadziwa mapapo," anatero. "Koma ku Thyolo kunalibe iwo. Thira, ndiwo zikupserera."

Za ku Thyolozo ndinazimva kwa aNyaMhango nditakula, tikusenda mbatatesi pakhomo pawo. Pakati pa mayi anga ndi amalume panali mwana wina, wamwamuna. Anabadwa bwinobwino, koma anayamba kutsokomola, kuonda ndi kutupa, ndipo pamphumi pake pankamveka mchere. Amuna awo a agogo ankagwira ntchito kutali ku minda ya tiyi, kubwera mwa apo ndi apo. Mwanayo atamwalira, apongozi awo anaimirira pamaliro pomwepo, anthu ali phee, nanena kuti mkaziyu wayenda ndi mwamuna wina, wathira mchere, wasempha mwana wake yemwe. Ankati umboni ndi mchere umene unkatuluka pakhungu la mwanayo. Amuna awo sanawaikire kumbuyo. Agogo anachoka ali ndi pakati pa amalume, mayi anga ali kumbuyo, natsatira mlongo wawo amene ankagwira ntchito mu ofesi kuno ku Mzuzu. "Anandiuza kuti sanalakwe," anatero aNyaMhango, "ndipo ine ndikukhulupirira chomene. Koma anati ngati dzanja lake lisakhudzenso mchere, palibe amene adzamuloze chala mwana wa m'mimbayo akadzapita nayenso."

Chimene chinachitika amalume atakwatira ndi chimene ndimakumbukira kwambiri ndikaganiza za agogo, ngakhale sichiwaonetsa bwino poyamba.

Amalume anakwatira anti Tiwonge a ku Nkhorongo, amene ankaluka tsitsi mu saluni ina ku Geisha. Anali mtsikana woseka mokweza, ndipo anadziwa za matendawo asanavomere ukwati. Anakhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba yathu. Tsiku loyamba kuphika, anti Tiwonge anatapa mchere n'kuthira akuimba nyimbo. Ndinaona agogo akutsatira dzanjalo ndi maso kuchokera m'chitini mpaka mu poto. Sananene kanthu.

Chaka china m'mwezi wa Okutobala, kukutentha, chifuwa cha amalume chinakula. Anagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali, diripi ili pamkono, osadzuka pabedi. Atatuluka anali ofooka, ndipo kunyumba anapitiriza kungogona. Masiku omwewo anti Tiwonge anapita kumaliro a azakhali awo ku Ekwendeni, nagona komweko. Atabwera anaphika usipa, tonse tinadya. Posakhalitsa katumba wa mwendo wakumanzere wa amalume anatupa, natentha, n'kumapweteka akaponda.

Agogo anachita chimene mayi aliyense wa kwathu amachita ndi mwendo wotupa. Anatenthetsa madzi, nauthowa ndi nsalu, kenako anautikita ndi manja awo amphamvu aja, kuchokera kukakolo kukwera m'mwamba. Amalume ankakuwa moseka kuti mwendo si ulusi. Agogo anati akhale chete, mawa adzawathokoza.

M'mawa mwake, ali pa benchi, agogo atangoyamba kuwaomba pamsana, amalume anadzuka mwadzidzidzi atagwira m'nthiti. Ankapuma mothamanga ngati wothawa galu, milomo itatuwa. Anatsokomola, ndipo m'beseni munagwa magazi ofiira. Agogo anafuna kuwagonekanso kuti apitirize.

"Mayi, lekani," anatero amalume movutikira. "Ichi si chifuwa changa."

Agogo anayang'ana beseni, nayang'ana mwendo wotupa uja. Kenako anatembenukira kwa anti Tiwonge, amene anali ataima ndi thaulo m'manja. Nkhope imene ndinaona tsiku limenelo sindinaionepo kale.

"Kumaliro kuja munagona kuti?"

"Amama?"

"Ndati munagona kuti, ndi yani? Mwabwera kuno, mwathira mchere m'ndiwo ndi dzanja lanulo. Taonani mwendo. Taonani magazi. Mwamusempha mwana wanga."

Anti Tiwonge mawu akuti kusempha sanawamvetse msanga. Atawamvetsa, thaulo linagwa pansi. Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a aNyaMhango, osakuwa, otsika kwambiri.

"ANyaChisale. Inu? Inu ndi amene munganene mawu amenewo kwa mwana wa munthu?"

ANyaMhango anali atatuma kale mdzukulu wawo kukaitana mwana wawo woyendetsa takisi.

Kuchipatala poyamba zinkaoneka ngati chifuwa chija chabwereranso, popeza amalume ankawadziwa kale. Anti Tiwonge, maso ali ofiira, ndi amene anakoka buluku la amalume n'kuonetsa mwendo. Dokotala wamkazi wachitsikana anaugwira, nauyerekeza ndi unzake, nkhope yake n'kusintha. Anawaika mpweya wa okosijeni, nawatengera kokajambula. Atabwerera anatisonkhanitsa pambali pa bedi.

"Magazi anaundana mumtsempha wa mwendowu," anatero. "Chidutswa chake chanyamuka, chayenda ndi magazi, chakatseka mtsempha wa m'mapapo."

"Tsempho," anatero agogo, akugwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekeza.

"Ayi amayi, mtsempha."

"Ndamva. Tsempho."

Amalume anakweza chophimba kukamwa chija cha mpweya. "Mayi. Mtse-mpha. Paipi ya magazi. Mundipha ndi kuseka matenda asanandiphe."

Dokotala anafunsa kuti tsempho n'chiyani, popeza anali wa ku Karonga. Amalume anagwedeza dzanja kuti azisiye. Iye anapitiriza kufotokoza kuti anthu a matenda ngati a amalume magazi awo amaundana mosavuta akagona nthawi yaitali osayenda, akakhala ndi zotupa za m'mapapo, ndiponso thupi likauma chifukwa chotaya madzi ndi mchere m'thukuta. Anati choopsa n'chakuti zizindikiro zake, befu, kupweteka m'chifuwa, kulavula magazi, zimafanana ndi za chifuwa chawo cha masiku onse, ndiye anthu amachedwa kuzindikira. Kenako ananena chovuta. Mankhwala oletsa magazi kuundana analipo, koma mapapo a amalume anali ndi mabala akalekale. Akawapatsa, mabalawo akhoza kukha magazi ambiri. Akapanda kuwapatsa, chidutswa china chikhoza kunyamuka n'kutseka njira yonse.

Anti Tiwonge, munthu amene anali atangotukwanidwa m'mawa womwewo, anatembenukira kwa agogo. "Amama, inu mukuti uli?"

Agogo analephera kuwayang'ana. Amalume ndi amene anayankha okha kuti awabaye, iwo magazi anazolowera kuwaona, koma kubanika kotere ayi.

Namwino amene anabwera ndi jakisoni anaona khungu la mwendo lija lili lofiirira, nafunsa ngati wina anautikita.

"Ndine," anatero agogo.

Namwinoyo sanakalipe. Anangonena kuti mwendo ukatupa mbali imodzi chonchi, n'kutentha, usamatikitidwe, chifukwa kutikita kukhoza kusuntha magazi oundanawo. Agogo anamutsatira dokotala uja mpaka pakhomo la wodi, ine ndili pambuyo pawo.

"Adokotala, mundiuze zoona. Ndi dzanja langa?"

"Palibe angadziwe, amayi. Nthawi zambiri zimanyamuka zokha, popanda wozikhudza."

"Koma zikhoza kutheka."

"Zikhoza. Komanso zikhoza kusatheka."

Agogo anakakhala pa benchi ya panja, natambasula manja awo onse awiri pamiyendo, zikhatho zili m'mwamba. Anawayang'ana nthawi yaitali ngati a munthu wina. Ndinakhala pambali pawo ndikungoyang'ana, monga mwa chizolowezi changa. Pamapeto pake anati, osandiyang'ana, moyo wawo wonse akhala akulondera khomo lakutsogolo, wakuba n'kulowera kuseri.

Masiku otsatirawo tonse tinasanduka oyang'ana m'beseni. Amalume akatsokomola, mitu inkaweramira pamodzi kuona mtundu wake. Tsiku lina magazi anachuluka, madokotala anaimitsa mankhwala, ndipo agogo sanadye. Atachepa anayambiranso mosamala. Anti Tiwonge ndi agogo ankasinthana kudikirira wodwala, kupatsirana beseni ndi fulasiki osayankhulana. Pang'onopang'ono milomo ya amalume inabwerera mtundu wake, mpweya uja anauchotsa, ndipo anatuluka.

Sanabwerere mmene analili. Anamwa mapiritsi oletsa kuundana kwa magazi kwa miyezi yambiri, kupita kukayezetsa pafupipafupi, ndipo kachitunda ka kumsika kamene kale ankakwera akuyankhula pafoni tsopano amakakwera pa njinga ya kabaza, imene kuno timaitcha sakaramento. Koma ali moyo, ndipo mafoni akukonzabe.

Agogo sanauzepo munthu kuti pepani, ndipo sindikuganiza kuti mawuwo ankadziwa potulukira pake. Tsiku limene amalume anabwera kunyumba, ndinaona chikwama cha anti Tiwonge chili chomangamanga kuseri kwa chitseko. Anali atauza aNyaMhango kuti mwamuna wawo akangokhazikika, iwo akapuma kwa makolo awo ku Nkhorongo, ndipo za kubwerera sakudziwa. Masanawo agogo anaphika nyemba. Zitatsala pang'ono kupsa ndinaimirira ndekha, ndisanaitanidwe.

"Khala pansi, Namaso," anatero. Ndiyeno anakweza mawu. "ATiwonge, tabwerani kuno. ANyaMhango, nanunso suzumirani, si mumakonda kusuzumira."

Onse atabwera, agogo anatsegula chitini cha mchere. Anatapa kudzaza chikhatho, nathira mu poto. Anatapanso, nathiranso.

"Mwaona nonse," anatero. "Wathira ndine. Kuyambira lero m'nyumba muno chikachitika chinthu, munene ine. Mwana uyu sanalakwe. Inenso ku Thyolo kuja sindinalakwe."

Anti Tiwonge anaphimba kumaso ndi chitenje. ANyaMhango anati, "Yewo, amama," mofatsa, ndipo kamodzi kokha m'moyo wawo sanawonjezerepo kanthu.

Nyembazo sizinadyeke. Munthu amene sanathire mchere kuyambira ali mayi wachitsikana sakanadziwa muyeso wake. Ine ndinaluma kamodzi, misozi n'kutuluka. ANyaMhango, amene anapatsidwa mbale pamwamba pa mpanda, anafunsa ngati madzi akumwa abwera pambuyo kapena awagule okha. Anti Tiwonge anayamba kuseka ali m'kati molira, mpaka kutsamwa. Amalume okha ndi amene anamaliza mbale yawo, napempha zina, n'kunena kuti aka n'koyamba mayi awo kutsatira malangizo a dokotala. Chikwama chija chinamasulidwa madzulo omwewo.

Kuyambira pamenepo agogo ankathira okha, ndipo muyeso sanauphunzire mpaka kufa. Tikadandaula, ankati ali ndi zaka zambiri zoti abwezere. Chitini cha mchere, chimene kale chinkakhala pansi pa shelefu kuti mwana afikire, anachisamutsira pafupi ndi mbaula, kudzanja lawo lamanja. Koma kuomba pamsana anakuleka. Anaphunzitsa anti Tiwonge, n'kumakhala pa mpando pambali akuwadzudzula kuti akufulumira, kuti akuomba ngati wophika chapati, kuti apinde chikhatho. Makanda anapitiriza kuwalawa pamphumi, kungoti tsopano ankayamba awauza amayi awo chifukwa chake. Ndipo munthu aliyense wodandaula mwendo wotupa pakhonde lawo ankamuthamangitsira kuchipatala asanamalize kufotokoza.

Chimene sindinachidziwe mpaka lero n'chakuti kodi tsempholo ankalikhulupirira kapena ankangoopa chala cha anthu. Ndinaganiza kuti ndi chala chokha, mpaka m'mawa uja pamene mawu a apongozi awo a ku Thyolo anatuluka pakamwa pawo athunthu, ngati anali atawasunga pamalo ouma. Ndinafuna kuwafunsa kangapo. Nthawi zonse ndinkapeza akuwerenga maso a ulusi pa makina, ndipo ndinkangoyang'ana.

Ankanena kawirikawiri kuti pemphero lawo ndi limodzi, lalifupi, loti asaikenso mwana m'manda, pakuti awiri akwana. Anamwalira masana ena a mwezi wa Julaye, kukuwaza mvula yamawawa, atakhala pa mpando wawo pakhonde. ANyaMhango ndi amene anazindikira, chifukwa anawaitana kuti aNyaChisale katatu konse popanda kutukwanidwa. Amalume sanathe kunyamula nawo bokosi. Anayenda pambuyo pake pang'onopang'ono, akupuma m'njira, koma anafika.

Nyemba za anti Tiwonge za tsiku la mapemphero zinakolera bwino, alendo onse anayamikira. Amalume analawa, nakwinya nkhope, nanditumiza chitini. Ndinachipeza pamalo pake pomwe paja, kudzanja lamanja la munthu woima pa mbaula.

Makina olukira tinapatsa mdzukulu wa aNyaMhango amene agogo ankamuphunzitsa, ndipo tebulo linapita nawo. Pakhonde patsala malo oyera pa simenti pamene linkaima, ndi tizidutswa ta ulusi wobiriwira tomwe tinakanirira m'ming'alu, tsache limatilephera. Njerwa ija ikadali pomwepo, yosachirikiza kanthu. Aliyense wosesa amaizungulira. M'mawa, kuseri kwa nyumba kumamveka kuomba kwa anti Tiwonge pamsana pa amalume, kofulumira pang'ono, ndipo pa mpando wa pambali pa benchi palibe wowauza kuti apinde chikhatho. Mbaula ya aNyaMhango ikuyakabe mbali ina ya nyumba yawo, kutali ndi zenera.